Wolawa Mavwende a Mbewu

Dhapu anafika pamchenga wa mtsinje wa Banas ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atakwera ngolo ya ngamira, nkhope itaphimbidwa mpaka pachibwano, ndipo choyamba chimene apongozi ake aakazi anamupatsa sichinali madzi akumwa koma khasu. Kuyambira tsiku limenelo zaka zake zakhala zofanana ngati nthanga. Mvula ikatha mtsinje umaphwa n'kusiya mchenga, mabanja amatsika kuchokera kumudzi, amagawana mchengawo pochita maere, kenako n'kuyamba kukumba ngalande zolekeza m'chiuno kufunafuna chinyezi. Kuthira manyowa, kubzala, kumanga mipanda ya udzu yotchinga mphepo, kugona mumsasa miyezi isanu, kuthyola mavwende dzuwa likuswa mtengo, basi mvula yabweranso, mtsinje wafafaniza zonse ngati sipanapondepo munthu. Msana wa Dhapu unapindika kalekale, moti ngakhale ataimirira amaoneka ngati akufunafuna singano pansi.

Banja la amuna ake, a Kajod, linali ndi chuma chimodzi chokha, ndicho mbewu. Mavwende awo anali ang'onoang'ono, amakwinya kunja, osakopa maso, koma ukang'amba limodzi fungo linkafika kumsasa woyandikana nawo mpeni usanatuluke. Mbewuyi inachokera kwa agogo a agogo, ndipo kasungidwe kake kanali ka pakamwa. Njuchi sizidziwa malire a munda, zimatenga za uku kukasakaniza ndi za uko, ndiye chaka chilichonse mwini nyumba ankapatula mavwende khumi ndi awiri n'kulawa limodzilimodzi. Nthanga za lozuna kuposa onse ndizo zinkasungidwa. Wakunja salawa vwende la mbewu, ngakhale akhale mnzako wapamtima. Munthu amabisa nthanga ziwiri m'tsaya uku akukusekerera, chaka chamawa mbewu yako ili m'ngalande zake.

Ntchito yolawayi inali ya a Kajod mpaka chaka chimene chifuwa chinawagwira. Chinali chifuwa chankhanza, cholira ngati mvukuto, ndipo nyengo yozizira yonse ankagona chokhala, atatsamira thumba la manyowa, kukamwa kuli yasa. Dhapu anawakweza ngolo kupita nawo m'tauni kwa a Vaidya Banshidhar, sing'anga wa zitsamba amene ankathandiza banjali kuyambira kale. A Vaidya anaika zala zitatu pamtsempha wa padzanja la wodwalayo, natsinzina.

"Kajod, thupi lako ndi la makhololo. Unabadwa nalo, udzafa nalo. Ndiwe mtsuko wodzaza kale, ndiye iwe n'kumathiramonso madzi. Umadya mavwende angati patsiku?"

"Ochepa chabe, bambo. Atatu. Anayi kukatentha."

"Kenako n'kumwera chambiko?"

"Nanga munthu atsitsire chiyani?"

"Tamumvani! Vwende ndi chambiko m'mimba imodzi. Ngakhale ng'ombe ili ndi nzeru kuposa pamenepa. Kuyambira lero vwende uzilitenga ngati apongozi, kulonjerana chapatali basi."

"Nanga mbewu azilawa ndani?" anafunsa a Kajod, mawu akutuluka movutikira.

A Vaidya anagwira dzanja la Dhapu, koma sanachedwepo n'komwe.

"Uyu ndi moto wokhawokha, ndamuonera m'mayendedwe polowa pakhomopa. Thupi la moto limafuna chozizira ndi chozuna. Kwa iyeyu vwende ndi mankhwala. Azilawa ndi iye, mwina ndi ukali womwe uchepako."

Malamulo ake anatuluka pomwepo, ndipo Dhapu anawasenza ngati mtolo wa nkhuni. Vwende lisadyedwe lotentha ndi dzuwa, liyambe lagona mumtsuko wa madzi. Lidyedwe m'mawa, m'mimba mulibe kanthu. Lidyedwe lokha, popanda chapati, popanda mkaka, popanda chipatso china. Ukatha usamwe madzi mpaka chithunzithunzi chako chitasuntha phazi limodzi. Dzuwa likapendeka, iwala. Pamwamba pa malamulo a sing'angawo Dhapu anaonjezera lake: kudyera kuseri kwa msasa, chifukwa kutafuna vwende pamaso pa munthu amene walilima koma saloledwa kulidya ndi ufiti.

Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ena akumwa tiyi wotentha ndi chapati chopaka mafuta, iye ali chikhalire pamchenga ndi mbale ya mavwende ozizira, m'mimba mukulira. Sanalikondepo vwende ngakhale ali mtsikana, ankakonda zowawa ndi zatsabola, zomwe thupi la moto limaletsedwa. Koma lilime anali nalo, pamenepo tisamunyoze. Ankaluma kamodzi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Ili ayi, lakwatirana ndi za kwa aneba." A Kajod ankaima patali atagwira manja kumbuyo, kudikira chigamulo ngati munthu wa pabwalo la milandu. M'nyumba imeneyo Dhapu sanafunsidwepo za malo obzala, za mtengo wogulitsira, ngakhale za mwamuna wokwatira mwana wawo Mangi. Koma pa mbewu mawu ake anali omaliza.

Analinso wapolisi wa pakamwa pa amuna ake. Madzulo alionse m'nyengo yokolola ankawanunkhiza ndevu.

"Tasenderani kuno, bambo a Mangi."

"Iwe, ndine mbuzi kodi?"

"Mbuzi imamva ikakalipiridwa. Tapumani ndimve."

Anthu amakonda kunena kuti mlimi wotere ayenera kuti ankaba m'munda mwake momwe. Amanama. A Kajod anali munthu wamantha pa za imfa, ndipo nyengo yozizira ija inawasiyira mantha okwanira moyo wonse. Ankasenza mavwende, kuwasisita, kuwanunkhiza kuchitsa, madzi ake akawagwera pachala ankapukutira m'malaya. Chifuwa sichinathe, koma sichinawagonekenso chokhala, ndipo Dhapu ankadziwa mumtima mwake kuti mwamunayu ali moyo chifukwa cha mphuno yake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zaka zitatu zapitazo Dhapu anadwala malungo aakulu, masabata awiri ali gone. Atadzuka anapeza kuti tiyi ndi madzi otentha chabe, anyezi ndi udzu, tsabola amangomva kutentha popanda kukoma. Anadikira kuti zibwerera. Mwezi unatha, nyengo inasintha, pakamwa panangokhala ngati pa chikopa chouma. Itafika nthawi yolawa anakhala kuseri kwa msasa monga mwa masiku onse, naluma vwende loyamba, ndipo sanamve kalikonse koma kuzizira.

Sananene. Mukamufunsa chifukwa adzakuuzani kuti ankaopa kuti a Kajod adzayambanso kulawa okha, chifuwa n'kuwatenga. Zimenezo n'zoona. Koma chinalipo chinanso chimene sangavomere ngakhale pakachisi: kuti akataya lilime atsala ndi chiyani m'nyumba muno, kupatula khasu? Choncho anayang'ana kumwamba monga ankachitira, nasankha ndi maso, vwende lalikulu, losalala, lolemera m'manja. Tsoka lake, mavwende okongola chotero ndi omwe aja osakanikirana ndi mbewu ya m'sitolo imene oyandikana nawo anayamba kubzala, yopirira ulendo wa lole koma yosukuluka. Chaka choyamba palibe anadandaula. Chachiwiri anthu ankangoti mtsinje wasintha. Chachitatu ndi chino.

A Ishak, wogula wawo wa zaka zambiri, anabwera ndi lole yawo m'mawa wina kutangoyamba kutentha. Anali munthu wanthabwala, wamimba yotsogola, ndipo ankayamba kutamanda mavwende a Kajod asanatsike n'komwe. Tsikuli anaima pamulu, natola limodzi, nalinunkhiza, nalibweza. Anatola lina, nalicheka, nalawa, n'kulavulira pamchenga.

"Achimwene, mwayamba kulima nkhaka?"

"Mwatola loipa," anatero a Kajod akuseka. "Tengani ilo."

A Ishak anacheka lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Nthabwala zinawathera.

"Kajod, ine ndi iwe sitinamizana. Anthu anga kumsika amafunsa mavwende a Kajod ndi dzina. Chaka chatha ndinawauza kuti ndi nyengo. Chaka chino ndikawauza chiyani? Awa ndi madzi ovala khoko. Mbewu ija uli nayobe?"

"Ndi yomweyo! Make Mangi amalawa yekha chaka ndi chaka, lilime lake simulidziwa inu?"

A Ishak anayang'ana kumene kunali Dhapu, amene anali ataweramira dengu nsalu itaphimba nkhope, ndipo mwaulemu anabweza maso awo kumulu uja. Anatengako ochepa pamtengo wa mavwende wamba, chifukwa cha chinansi, otsalawo anawasiya pamulu pomwepo. Tsiku lonse a Kajod anatukwana damu la kumtunda, manyowa a masiku ano, njuchi, ndi lilime la a Ishak limene ankati linaphedwa ndi fodya. Dhapu ankangomva, mtima ukumuwawa ngati wathiridwa mchere.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. M'mawa mwake anakwera basi yekha kupita kwa a Vaidya, amene tsopano anali atakalamba mpaka kuchepa ngati mwana, atakhala pamphasa pakati pa mabotolo awo. Anawauza zonse, osabisa. Nkhalambayo inamuikira kaufa kobiriwira palilime.

"Ukumva chiyani?"

"Ufa."

"Umenewo umaliritsa amuna a ndevu ndi kuwawa. Zaka zitatu, mwana wanga, ndiye ukubwera lero? Mbuzi ikathyoka mwendo mumathamanga nayo tsiku lomwelo, koma lilime lako wakhala nalo phee."

"Libwerera, bambo?"

"Ndikupatsa zotsukira m'kamwa, koma sindikulonjeza. Bwanji osaitana Mangi adzalawe?"

"Mangi anakwatiwa kwa olima mavwende anzathu, kumtunda. Tsaya lake ndi la apongozi ake tsopano. Bambo ake sangalole, ndipo ine sindingamuike mwana pakati."

"Ndiye ukufuna ndimasule Kajod."

"Tsiku limodzi lokha. M'munda mukadali ziyangoyango zina zobereka mavwende ang'onoang'ono amakwinya. Mwina mbewu yeniyeni ikadali momwemo. Akailawa aizindikira, anakulira momwemo. Tikaphonya chaka chino, yapita."

A Vaidya anawerenga pa zala zawo zowonda.

"Masana enieni, dzuwa lili paliwombo, pamene makhololo amagona. Adyere padzuwa, osati pamthunzi. Asakhale atadya kanthu. Kachidutswa kofanana ndi zala ziwiri pa vwende lililonse, mavwende asapitirire asanu. Akatha atafune jinja wouma ndi tsabola wakuda. Madzi asawaone. Akayamba kulira pachifuwa usabwere kudzandiloza chala, wapempha wekha."

Kuuza a Kajod kunali kovuta kuposa kukumba ngalande. Dhapu anadikira mpaka atamwa tiyi wa madzulo, nakhala chowafulatira, akusenda anyezi amene sankamumvanso fungo.

"Bambo a Mangi, si damu ayi. Ndine."

"Wachita chiyani?"

"Pakamwa panga panafa ndi malungo aja. Zaka zitatu ndakhala ndikusankha ndi maso."

Ankayembekezera kukalipiridwa, mwinanso ankakufuna, kuti katunduyo apepuke. Koma a Kajod anangofunsa motsitsa mawu.

"Ndiye ndevu zanga umanunkhiziranji?"

"Kuti muziopabe."

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso, nakhosomola. Dhapu atawauza zimene a Vaidya analola, kusekako kunatha. Anangoyang'ana manja awo.

Kutacha anayenda limodzi m'ngalande zonse, mzere ndi mzere, kufunafuna mavwende ang'onoang'ono amakwinya. Anapeza anayi okha amene a Kajod anakhutira nawo. Lachisanu Dhapu anaonjezera yekha, amuna ake atapita kukakonza mpanda umene mphepo inagwetsa. Analitenga pamulu uja a Ishak anakana, theka la limodzi mwa omwe anawacheka n'kulavula, nalidula tizidutswa kuti lisadziwike. Sikunali kuchenjera kwa nkhanza. Ankangofuna kuona ndi maso ake amuna ake akulavula losukulukalo, kuti mtima wake ukhazikike kuti woweruza walowa m'malo mwake ndi weniweni.

Dzuwa litafika paliwombo, mphepo yotentha ikuulutsa mchenga, anawayalira thumba panja pa msasa. A Kajod anasamba m'manja ndi kumaso ngati akupita kukachisi, nakhala pansi atapinda miyendo. Dhapu anaika tizidutswa tisanu pambale yamkuwa, chilichonse atachiyeza ndi zala ziwiri, jinja ndi tsabola zili pambali.

A Kajod anatola choyamba. Anachiyang'ana kanthawi, nachiika m'kamwa, natsinzina. Sanatafune msanga. Misozi inatuluka m'maso otsinzinawo n'kutsikira m'ndevu.

"Mayo ine," ananong'ona. "Make Mangi, uwu ndi uchi."

Mtima wa Dhapu unadumpha. Ndiye kuti ilipo, mbewu ikadalipo.

"Musafulumire. Lawani chinacho, muyerekeze."

Analawa chachiwiri. "Uchi." Chachitatu anapukusa mutu ngati munthu womva nyimbo yachikale. "Ichinso, abale inu." Chachinayi anachita kunyambita zala. Dhapu anawasendera pafupi.

"Nanga loposa linzake ndi liti?"

"Dikira, chatsala chimodzi."

Anatola chachisanu, cha pamulu wa a Ishak. Dhapu anaweramira kutsogolo. Anayang'anitsitsa milomo ya amuna ake kudikira kuti ikwinyike. A Kajod anatafuna pang'onopang'ono, nameza, namenya bondo ndi chikhatho.

"Ili! Ili ndiye lenilenilo. La agogo anga ndi limeneli, ndalikumbukira bwinobwino. Lofewa, lamadzi, lozizira mpaka pachifuwa. Nthanga zake uli nazo?"

"Ndili nazo," anatero Dhapu, mawu ali kutali.

Apa ndi pomwe anazindikira chimene iye, ngakhalenso a Vaidya ndi zala zawo zitatu, sanachiganizire. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osalawa vwende sangaweruze vwende. Kwa iye lililonse ndi uchi, ngakhale nkhaka imene. Kukoma kwenikweni kwa mbewu ya banjali sikunali mumtsuko kapena m'mutu mwa a Kajod. Kunali pa lilime la Dhapu pokha, ndipo kunafera pomwepo m'masabata awiri a malungo aja. Mwina mwa anayi enawo munali limodzi lenileni, mwina munalibe, ndipo pamchenga wonsewo panalibe pakamwa pololedwa kumuuza. Anamva kutopa kumene sanakumvepo, kutopa kwa m'mafupa, kosatha ndi tulo.

A Kajod anali kutafuna jinja wawo akukwinya nkhope, koma maso akuwala ngati a mnyamata.

"Waona? Umadziimba mlandu pachabe. Maso ako anasankha bwino, mbewu ili bwinobwino. Ishak ndiye wakalamba, lilime lake latha ntchito. Tipeza wogula wina wodziwa zinthu."

Dhapu anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, ochepa chabe, kuti limeneli ndi lomwe a Ishak analavula dzana. Anayang'ana madzi a vwende akunyezimira m'ndevu zoyera zija. Anamvetsera pachifuwa pawo, ndipo munali kalikhweru kakang'ono, kapansipansi, kamene mwina kanalipo kale, mwina ayi. Mwamunayu anali atamvera lamulo zaka zonsezi osaba ngakhale kachidutswa, ndipo malipiro ake onse anali pambale yamkuwa imeneyi. Dhapu anatseka pakamwa pake.

"Ndikuti, make Mangi," anapitiriza a Kajod akuloza kumunsi kumene mchenga unali wosalimidwa, "mbewu yokoma chonchi sitingamaibzale pang'ono ngati anthu amantha. Chaka chamawa tikumbe ngalande zina khumi, mpaka kukafika kumwala uko. Ukwanitsa, eti?"

Dhapu anayang'ana kutalika kwa mchengawo, woyera, wothobwa m'maso ndi dzuwa, kuchokera pamene anakhala mpaka kumwala. Anagwira msana ndi dzanja limodzi, natola mbale ndi linalo.

"Tikumba," anatero. "Madzi musamwe."